Tsitsi limawokeredwa ngati mbande, koma silifesedwa

Loweruka lina m'mwezi wa July, nthawi imene kuno ku Bulawayo chisanu chimalowa mpaka m'mafupa, tidasonkhana ku Sizinda pamsonkhano wa bungwe lathu lothandizana pamaliro. Ambiri mwa ife ndife ana ndi zidzukulu za anthu amene adachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito ya njanji, choncho tikakumana motere Chichewa chimayankhulidwa ngati tili pa Dedza kapena pa Ntcheu. Zokambirana zitatha, agogo ena adandikodola n'kunditengera kuseri kwa nyumba. Adali ndi mdzukulu wawo, mtsikana wa zaka 7, atavala chipewa chaubweya chofika m'makutu.

Agogowo adamuvula chipewacho. Pamwamba pa khutu lakumanzere padali chipsera chachikulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu, chosalala, chonyezimira, chopanda ndi tsitsi limodzi lomwe. Mwanayo adapsa ndi phala ali ndi zaka ziwiri. Bala lidapola koma tsitsi silidamerenso, ndipo anzake kusukulu amamuseka moti masiku ena amakana kupitako. Kenaka agogowo adapisa m'chikwama n'kutulutsa botolo la mafuta.

"Mwanangu, inu mumalemba za umoyo," adatero. "Ili ndi botolo lachitatu, ndipo nkhuku zinayi ndagulitsa kale. Wogulitsayo akuti likadzatha lachisanu tsitsi lidzaphuka. Kodi ndigulenso?"

"Ayi agogo, musagulenso," ndidayankha.

Koma kuletsa munthu osamuuza chifukwa chake n'kumusiya panjira. N'chifukwa chake mwezi uno ndaganiza kuti tikambirane za madokotala awiri amene adatha zaka zambiri akufufuza funso lomweli: kodi pamalo pamene tsitsi lidafa lingamerenso? Zimene adapeza, mlimi angazimvetse msanga kuposa munthu wa mu ofesi, pakuti ndi nkhani ya nazale, mbande ndi kuwokera.

Chamoyo ndi muzu

Tsitsi limene timaliona ndi kulipesa ndi lakufa, n'chifukwa chake pometa sitimva kuwawa. Chamoyo ndi muzu wake, umene umakhala m'kathumba kakang'ono mkati mwa khungu, pakuya pa mamilimita pafupifupi 4. Pamutu pa munthu pamakhala mizu yotere pafupifupi 100,000, ndipo yonseyo imapangika mwana adakali m'mimba mwa mayi wake. Akabadwa, thupi silipanganso ina. Muzu uliwonse umameretsa tsitsi kwa zaka zingapo, n'kupuma miyezi itatu, tsitsilo n'kugwa, lina n'kuphuka pomwepo. Choncho kuthothoka kwa tsitsi lokwana 50 mpaka 100 patsiku si matenda ayi.

Koma moto ukalowerera n'kupsereza mizu, kapena chilonda chikaidya, pamalopo pamabwera chipsera, ndipo m'chipsera chotere mulibe muzu woti mafuta angaudzutse. Mlimi amadziwa kuti paphando lopanda mbewu, ngakhale athirepo feteleza wochuluka bwanji, sipamera chimanga.

Dokotala wa maso amene adaiwalika

Woyamba mwa madokotala athu awiri ndi Shoji Okuda, amene adabadwa mu 1886 ndipo adali dokotala wa maso mumzinda wa Kobe ku Japan. Odwala ake ambiri pankhani ya tsitsiyi sadali anthu olemera ofuna kubisa ukalamba. Adali anthu opsa ndi moto, a zipsera za zilonda, ndi ena amene adataya nsidze kapena ndevu zapamlomo, anthu ochita manyazi kuonekera pagulu monga mdzukulu wa agogo aja.

Okuda adagwiritsa ntchito tizitsulo takuthwa tooneka ngati timachubu, tina ta milimita imodzi, tina ta mamilimita angapo. Ndi kachitsulo kotere ankaboola khungu pamalo pamene pali tsitsi lambiri, n'kuzula kachidutswa kozungulira pamodzi ndi mizu yake, monga momwe timazulira mbande ya fodya ndi dothi lake lomwe. Kenaka ankaboola kadzenje pachipsera n'kulowetsamo kachidutswako. Tsitsi lowokeredwa chotere limayamba lagwa pakapita milungu ingapo, moti wosadziwa angaganize kuti ntchito yapita pachabe. Koma pakatha miyezi ingapo mizu imaphukanso, ndipo tsitsi latsopanolo limakhazikika. Mu 1939 Okuda adalemba zonsezi m'nkhani zisanu m'magazini ya madokotala a khungu ya ku Japan, kufotokoza zimene adaona pa odwala pafupifupi 200.

Tsoka ilo, zaka zimenezo zidali za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhanizo zidalembedwa m'Chijapani chakale, ndipo kunja kwa dzikolo palibe amene adaziwerenga. Mu 1943 dokotala winanso wa ku Japan, Hajime Tamura, adasonyeza kuti tizidutswa tikachepa kwambiri, mpaka kukhala ta tsitsi limodzilimodzi, zotsatira zake zimaoneka ngati zachibadwa. Nayenso sadamveke kutali. Kwa zaka zambiri madokotala a maiko ena ankakhulupirira kuti Okuda adafera kunkhondo, chonsecho adamwalira mu 1962. Nkhani zake zidamasuliridwa m'Chingerezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, patapita zaka zoposa 60. Inu alangizi, amene mumalemba m'makope zimene mumaona m'midzi, musaderere ntchitoyo: Okuda akadapanda kulemba, dzina lake ndi nzeru zake zikadalowa naye m'manda.

Vuto ndi nthaka kapena mbewu?

Wachiwiri ndi Norman Orentreich, amene adabadwa ku New York ku America mu 1922, natsiriza maphunziro a udokotala mu 1948, n'kukhala katswiri wa matenda a khungu. Iye funso lake lidali lokhudza dazi. Tonse tidaona kuti mwamuna wadazi amataya tsitsi la pamphumi ndi la paliwombo, koma la kunkhongo ndi la m'mbali limakhalabe mpaka kukalamba. Chifukwa chiyani? Anthu ankanena zambiri: ena ankati magazi safika bwino paliwombo, ena ankaloza zipewa. Kunena kwa alimi, ambiri ankaganiza kuti vuto ndi nthaka.

Kuyambira mu 1952 Orentreich adayamba kuyesa mwanjira yosavuta kumva. Ankadula kachidutswa ka khungu la tsitsi kunkhongo n'kukaika padazi, n'kudulanso kachidutswa ka padazi n'kukaika kunkhongo pakati pa tsitsi. Akadakhala kuti vuto ndi nthaka, tsitsi la kunkhongo likadafa litafika padazi, ndipo kachidutswa ka padazi kakadamera tsitsi katafika pachonde. Koma sizidatero. Kachidutswa ka kunkhongo kadapitiriza kumera tsitsi pakatikati pa dazi, pamene ka padazi kadakhalabe mbee ngakhale kadazunguliridwa ndi tsitsi. Mu 1959 adafalitsa zimenezi m'magazini ya asayansi ya Annals of the New York Academy of Sciences, ndipo lamulo limene adalikhazikitsa ndi limene maopaleshoni onse a tsitsi amayendera mpaka lero: muzu umatsata khalidwe la kumene wachokera, osati la kumene wawokeredwa.

Kodi alimi simukulidziwa lamulo limeneli? Mbande ya mpiru ikawokeredwa pabedi la kabichi imakhalabe mpiru. Nthambi ya mango okoma ikamezanitsidwa patsinde la mango a ulusi imabala mango okoma. Vuto la dazi lili mu mbewu. Katswiri wina wa ku America, James Hamilton, adali atasonyeza kale mu 1942 kuti dazi limafuna zinthu ziwiri: mtundu wa makolo, ndi michere yachimuna ya m'thupi imene madokotala amaitcha mahomoni. Mwa amuna ena mizu ya pamphumi ndi paliwombo imabadwa yosalimba ku michereyi, moti chaka ndi chaka imanka nichepa mpaka kusiya kumeretsa tsitsi looneka. Mizu ya kunkhongo yokha michereyi siyiigonjetsa.

Orentreich sadaimire pomwepo. Mu 1961 adakhazikitsa bungwe lake lofufuza za sayansi, adaphunzitsa madokotala ambiri luso lowokera tsitsi, ndipo adakhala mtsogoleri woyamba wa bungwe la madokotala ochita maopaleshoni a khungu ku America, limene lidayamba mu 1970. Adamwalira mu 2019 ali ndi zaka 96.

Komabe njira yake idali ndi chilema. Tizidutswa take tidali ta mamilimita 4, kalikonse kokhala ndi tsitsi lambiri, moti mutu wa wodwala unkaoneka ngati dimba la mpunga wongowokera kumene, phando apa phando apo. Adakonza zimenezi ndi amene adabwera pambuyo pake. Mu 1984 John Headington adafotokoza kuti tsitsi silimera lokhalokha koma m'timagulu ta limodzi mpaka anayi. Mu 1988 Bobby Limmer wa ku Texas adayamba kugawa timagulu timeneti kamodzikamodzi mothandizidwa ndi makina okuza tinthu ting'onoting'ono. Mu 2002 William Rassman ndi Robert Bernstein adafalitsa njira yozula kagulu kalikonse pakokha ndi kachitsulo ka pafupifupi milimita imodzi. Motero patapita zaka pafupifupi 60, madokotala adabwerera pamene Tamura adafika kale mu 1943.

Malire a opaleshoniyi

Masiku ano wodwala amabayidwa jakisoni wochititsa dzanzi pamutu ndipo amakhala ali maso. Dokotala ndi omuthandiza amazula timagulu ta mizu mazanamazana, nthawi zina zikwi zingapo, n'kumatiwokera kamodzikamodzi, ntchito yotenga tsiku lathunthu. Tsitsi limayamba kuphuka pakatha miyezi itatu kapena inayi, ndipo zotsatira zenizeni zimaoneka pakatha chaka. M'chigawo chathu chino opaleshoni yotere imachitika m'zipatala zolipira za m'mizinda ikuluikulu monga Johannesburg ndi Cape Town, ndipo mtengo wake ndi madola zikwizikwi, ndalama zimene mlimi wamba sangazione ngakhale atagulitsa ng'ombe zingapo.

Ngakhale kwa amene ali nazo ndalamazo, opaleshoniyi ili ndi malire. Choyamba, dokotala sapanga tsitsi latsopano, amangolisamutsa. Nazale yake ndi nkhongo ya wodwalayo, ndipo pamene wazula muzu sipameranso wina. Akazula mosasamala, nazale imatha dimba lisanadzaze. Chachiwiri, mbande iyenera kuchokera kwa mwini mutu. Tsitsi la mayi kapena la m'bale thupi limalikana ndipo limafa. Chachitatu, pamalo powokerapo pafunika magazi okwanira. Chipsera chokhuthala chili ngati nthaka yoguga, mbande zina zimagwira zina ayi, ndipo ngati matenda amene adapha tsitsi akadalipo, lowokeredwalo nalonso limafa.

Palinso zina zokhudza ife anthu akuda. Tsitsi lathu ndi lopotana, ndipo muzu wake nawonso ndi wokhota mkati mwa khungu, moti kachitsulo kowongoka kamatha kuudula pakati ngati dokotalayo sadazolowere. Komanso ambiri mwa ife khungu lathu limapanga zipsera zotupa, zija zimakula pakhutu munthu akaboola ndolo. Munthu wa khungu lotere ayenera kuuza dokotala mpeni usadamukhudze.

Nanga mwana wopsa uja?

Chipsera cha moto chili ndi chithandizo chake, koma sichili m'botolo. Ngati ndi chaching'ono, dokotala wa maopaleshoni okonza khungu amatha kuchidula n'kulumikiza mbali ziwiri zokhala ndi tsitsi. Ngati ndi chachikulu, pali njira yoika kathumba konga baluni pansi pa khungu la tsitsi loyandikana nacho, n'kumakathira madzi pang'onopang'ono kwa milungu ingapo mpaka khungulo litatanuka mokwanira kuphimba pamene padali chipsera. Kuwokera mizu kumatha kuthandiza potsiriza, pofuna kubisa mzere wotsala. Koma khungu lopyapyala limene madokotala amasenda pantchafu kuti atseke bala la moto silimera tsitsi, pakuti mizu imatsalira pantchafupo. Ntchito yake ndi kupulumutsa moyo ndi kupoletsa bala, ndipo makolo ayenera kuuzidwa zimenezi poyambirira kuti asadzadandaule pambuyo pake.

Njira yofikira kwa madokotala otere imayambira pachipatala chaching'ono cha m'dera lanu, chimene chimalemba kalata yotumiza wodwala kuchipatala chachikulu. Kuno ku Bulawayo zipatala zazikulu za boma ndi Mpilo ndi United Bulawayo Hospitals. Ku Malawi, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chidatsegula chigawo cha anthu opsa mu 1993 mothandizidwa ndi dokotala wa ku Scotland, Howard Stevenson. Madokotala okonza khungu ndi ochepa m'maiko athu onsewa, ndipo amayamba ndi amene moyo wawo uli pachiswe kapena amene manja ndi khosi zidakwinyika ndi moto. Choncho wodikira tsitsi ayenera kuleza mtima. Podikirapo, chipsera chitetezedwe kudzuwa ndi chipewa kapena duku, chidzozedwe mafuta wamba ofewetsa khungu, ndipo ngati pachipsera chakale patuluka chilonda chosapola, musachedwe nacho kunyumba, pakuti nthawi zina chimasanduka khansa.

Tisamale nazale imene tili nayo

Phunziro lalikulu la ntchito ya Okuda ndi Orentreich kwa ife si lakuti tithamangire opaleshoni. Ndi lakuti mizu ndi yowerengeka, ndipo umene wafa sudzuka. Ndiye tiyeni tione zinthu zimene zimapha mizu m'makomo mwathu.

Choyamba ndi moto. Nyengo yachisanu, komanso magetsi akazima, mabanja amaphikira pansi pamafuwa, pambaula kapena pachitofu cha palafini, ana akukwawa pomwepo. Mphika wa phala usaikidwe pansi, ndipo mwana asatumidwe kunyamula madzi owira. Munthu wodwala khunyu asaothe moto kapena kuphika ali yekha. Mwana akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera, n'kuthamangira naye kuchipatala. Musapakepo mazira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, dothi kapena ndowe. Bala limene likadapola lokha mizu ili yamoyo, likalowa majeremusi limakumbika n'kupha mizuyo.

Chachiwiri ndi zipere za kumutu, zimene zafala pakati pa ana asukulu. Ambiri amangopaka mankhwala pamwamba, koma tizilombo take timakhala mkati mwa tsitsi ndi muzu momwe, kumene zopakazo sizifika. Pafunika mapiritsi a kuchipatala, monga griseofulvin, omwa kwa milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo osadukiza. Chipere chikalekereredwa mpaka kutupa ndi kutuluka mafinya chimasiya chipsera cha moyo wonse. Ana asabwerekane zipeso ndi zipewa, ndipo lezala limodzi lisamete mitu iwiri.

Chachitatu ndi kuluka tsitsi mokoka kwambiri. Pankhani iyi tili ndi katswiri wathuwathu wa m'chigawo chino, Pulofesa Nonhlanhla Khumalo wa pa yunivesite ya Cape Town. Iye ndi anzake adapima mitu ya ana asukulu ndi anthu akuluakulu ku Langa mumzindawo, ndipo zotsatira zake zidafalitsidwa mu 2007. Adapeza kuti mwa atsikana asukulu 100 aliwonse, 17 tsitsi lawo lidali litayamba kale kutha m'mbali mwa mphumi chifukwa chokokedwa, pamene mwa amayi 100 aliwonse adali pafupifupi 32. Adapezanso kuti choopsa kwambiri ndi kuluka kapena kulumikiza tsitsi logula patsitsi limene lawongoledwa ndi mankhwala. Kutha kwa tsitsi kotereku kumabwerera ngati munthu wasiya msanga, koma zaka zikachuluka mizu imafa. Lamulo lake ndi losavuta: malukidwe akamapweteka, kapena tiziphuphu tikatuluka m'mbali mwa mutu, masulani tsiku lomwelo. Mwana akalira polukidwa si mwano ayi, ndi mizu imene ikuzuka.

Abambo nanunso muli ndi yanu. Kumeta mpala ndi makina okanda khungu kumasiya timabala, ndipo amuna ena amatuluka ziphuphu zolimba kunkhongo zimene zimasanduka zipsera zopanda tsitsi. Auzeni ometa kuti asiyeko pang'ono, ndipo makina azitsukidwa ndi mankhwala opha majeremusi asadamete munthu wina.

Chinsinsi cha ogulitsa mabotolo

Wina angafunse kuti: nanga bwanji ena amachitira umboni kuti adadzola mafuta akutiakuti tsitsi n'kubwerera? Yankho lake n'lakuti pali kuthothoka kwa tsitsi kumene sikupha mizu. Mayi akabereka, tsitsi limathothoka pakapita miyezi iwiri kapena itatu, kenaka limabwerera lokha. Chimodzimodzinso munthu akadwala kwambiri, akasowa magazi, kapena mwana akanyentchera, tsitsi limachepa ndi kufiira koma limabwerera thupi likachira. Palinso timalo tozungulira tosalala timene timangoonekera mwadzidzidzi pamutu, ndipo nthawi zambiri timameranso tokha. Munthu wotere akadzola chilichonse panthawiyo amatamanda botolo, chonsecho ntchito yagwiridwa ndi thupi lake lomwe. Wogulitsa amatenga umboni umenewo n'kukanyenga nawo munthu wa chipsera.

Mankhwala enieni a dazi alipo awiri odziwika bwino: minoxidil wopaka, amene boma la America lidamuvomereza mu 1988, ndi finasteride wakumwa, amene adavomerezedwa mu 1997. Onsewa amathandiza mizu imene ikadali yamoyo yokha, ndipo munthu akasiya kuwagwiritsa ntchito tsitsi limayambanso kutha. Pachipsera sagwira ntchito, ndipo finasteride ndi woopsa kwa mayi woyembekezera, choncho asamwedwe popanda dokotala. Dziwaninso kuti nthawi zina kuthothoka kwa tsitsi ndi chizindikiro cha matenda ena monga chindoko. Munthu wamkulu amene tsitsi lake likutha mosadziwika bwino akapimitse magazi asadagule botolo lililonse. Safunsa adadya phula.

M'dazi mulibe golide

Sindingatseke nkhaniyi osatchula chinthu china chowawa. Timakonda kuseka kuti dazi ndi chizindikiro cha chuma. Koma mu 2017 apolisi a ku Mozambique adachenjeza anthu a dazi kuti asamale, amuna angapo ataphedwa m'chigawo cha Zambezia, ena mwa iwo m'boma la Milange, limene lachita malire ndi Mulanje. Apolisiwo adati chidachititsa ndi chikhulupiriro chakuti m'mutu wa munthu wadazi muli golide. Madokotala akhala akuchita maopaleshoni pamitu ya dazi kwa zaka zoposa 70, ndipo zimene amapezamo ndi khungu, mitsempha ndi mizu yofota, monga mwa munthu wina aliyense. Dazi si chuma, si ufiti, si temberero. Ndi mtundu wa makolo basi, monga utali kapena ufupi wa msinkhu. Alangizi, mafumu ndi atsogoleri a mipingo azinena zimenezi poyera, pakuti nthabwala imene imaseketsa pabwalo ikafika m'khutu la munthu wadyera imatha kusanduka maliro.

Chimodzimodzinso mwana wa chipsera si wolodzedwa. Mlangizi akamva kuti mwana wotere akujomba kusukulu, apite akaonane ndi aphunzitsi, awapemphe kuti amulole kuvala chipewa kapena duku m'kalasi, ndi kuti afotokozere ana ena kuti chipsera sichipatsirana. Tsitsi likhoza kudikira dokotala zaka zingapo, koma sukulu siyidikira.

Zonsezi ndidawafotokozera agogo aja mwachidule titakhala pabenchi kuseri kwa nyumba, mdzukulu wawo akumvetsera. Sindidawalonjeze kuti tsitsi lidzabwerera. Ndidangowauza kuti ndalama ya botolo lachinayi ikhale yokwerera basi kupita kuchipatala cha m'dera lawo, akapemphe kalata yokaonana ndi dokotala wa maopaleshoni, ndipo akamve kwa iyeyo chimene chingatheke pachipsera cha msinkhu umenewo.

Agogowo adaliyang'ana botolo lija nthawi yaitali. "Ndiye kuti nkhuku zanga zinayi zidangopita choncho?" adafunsa.

"Zinayizo zidapita agogo, madzi akatayika sawoleka," ndidatero. "Tisunge zotsalazo."

Adapukusa mutu, namuveka mdzukulu wawo chipewa, n'kumugwira dzanja. Botololo adalisiya pabenchipo.